Tikufuna kupita kunja awiriwiri, koma bambo akuti tinyamule ufa ndi poto

NaPhiri_Ulongwe
Moni nonse apagulu. Ndabwera ndi nkhani yandisowetsa mtendere, ndithandizeni maganizo. Ine ndi bambo akunyumba takhala tikuponya shitiki, kusonkherana ndalama kolandira mosinthana kuja, kwa nthawi ndithu ndipo ulendo uno ndalama yagwera ife. Tinapangana kalekale kuti ikadzabwera sitigula china, tidzapite kunja kwa dziko awiriwiri tikaone malo, ana tiwasiye kwa agogo awo ku Domwe. Mapasaporti tatenga kale ku Tete. Vuto ndi ili, bambo akuti tinyamule ufa wathu woyera, nyemba, kapoto ndi mthiko, ati zakudya za eni ake iwo sangadye, mimba yawo imadziwa nsima ya kwathu basi. Ine mtima wanga ukufuna ndikalawe zomwe anthu akumeneko amadya, ndikhale pampando wina andibweretsere mbale. Ndiye ndikufunsa, tipite kuti komwe ndalama ya anthu wamba ingakwane, nanga bambowa ndiwatani? Amene munayendapo ndi akunyumba kwanu tiuzeni zinayenda bwanji.

Tsangano_Batata
Potoyo akapita nawo, wophika ndi inu mayi. Asiyeni pakhomo.

KotaZobwe
Mayi NaPhiri, poyamba musathamangire kutali. Tulukirani pa Calomue mulowe Dedza, mutsike msewu wokhotakhota uja wa ku Golomoti mukafike kunyanja. Ine ndi mayi akunyumba tinapita ku Cape Maclear, mudzi wake ndi Chembe, uli mkati mwa paki ya Lake Malawi yomwe UNESCO inaizindikira mu 1984 chifukwa cha tinsomba tija amati mbuna. Anyamata amaboti amakutengani mpaka pachilumba cha Thumbi, mukaponya kachidutswa ka pau m'madzi tinsomba tabuluu ndi tachikasu timakuzungulirani miyendo, kenako amaimba likhweru n'kuponya nsomba pamadzi, nkhwazi imachoka mumtengo kudzaitola inu mukuona. Chambo amakuwotcherani pomwepo pamiyala, ndipo mukapeza kampango musamusiye, alibe minga yambiri ndipo ndi wonona. Nsima ilipo paliponse ndiye bambo sadandaula. Panjira imani pa Mua Mission mulowe m'nyumba yosungira zachikhalidwe ija ya KuNgoni, muli zigoba za gule wamkulu mazanamazana, zina zomwe kwathu kuno zinasiya kutuluka kudambwe.

Tsangano_Batata
Akota, Malawi ndi kunja? Ife timawoloka msewu pa Lizulu kukagula mchere n'kubwerera nsima isanapse. Mayiwa atenga pasaporti, asaiwonongere pa Dedza.

KotaZobwe
Mwa onse ogulitsa batata pa Lizulu ndi angati anapondapo m'nyanja ija? Kuwoloka msewu ndi kuona dziko ndi zinthu ziwiri.

MgodiMoatize
Ine ndilankhula zomwe ena akuopa kunena. Ndalama ya shitiki kukaithera kuonera madzi ndi kudya m'marestoranti? Feteleza wakwera mtengo, simenti yakwera, ana Januwale akufuna mayunifomu ndi makope. Bambowo mwina sakukana zakudya, akuona kuti ndalama ikupita pachabe ndiye akufuna apulumutseko pang'ono ndi ufawo.

NaPhiri_Ulongwe
Achimwene a ku Moatize, feteleza tinapatula kale, za sukulu zilinso pambali. Ndipo amene anayambitsa za ulendowu ndi bambo omwewo osati ine. Nkhani ndi ya mimba basi.

ManaChingodzi
A MgodiMoatize, amuna mumapita ku Beira, ku Joni, ku Nacala ndi ntchito, mukabwera mumatiuza za nyanja ndi misewu yosanjikizana, ife timangomvera m'makutu. Mkazi akafuna kuona ndi maso ake kamodzi kokha basi yasanduka ndalama yotaya? Ineyo mayi anga anamwalira asanaone ngakhale damu la ku Songo, chikhalirecho anabadwira ku Marara pafupi pomwepa. Mayi NaPhiri pitani, ndipo mthiko musaukhudze.

MgodiMoatize
Mana, sindinanene kuti mkazi asayende. Ndati ndalama iwerengedwe.

Mphunzitsi_Furancungo
Ndiyankhe funso loyamba lija la kopita. Kwa munthu wa chigawo cha Tete malo oyenera kuyambira ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya, omwe ambiri amati Victoria Falls, chifukwa ndi Zambezi wathu yemweyu amene timawoloka pa mlatho wa Samora Machel. Kuno timamudziwa ali wotambalala, woyenda mwaulesi, amayi akuchapa m'mphepete. Kumeneko mtsinje wonse, mulifupi mwake mamita oposa 1,700, umagwera m'phompho lakuya mamita opitirira 100, ndipo phokoso mumayamba kulimva musanafike pachipata. Mayi akunyumba atafika pa kamlatho kaja amati Knife Edge anandigwira mkono mwamphamvu osalankhula kanthu, tonse tili chinyowere, ndipo mpaka lero akamauza anzawo kumpingo mawu amawathera panjira.

Nyengo muisankhe bwino. Madzi amachuluka kuyambira Febuluwale mpaka Meyi, pachimake ndi cha mu Epulo, nthawi imeneyo nthunzi imakwera kumwamba moti pena mathithiwo sawoneka koma mumawamva m'chifuwa. Mukapita Okutobala kapena Novembala mbali ya Zambia imauma, mumangoona khoma la miyala ndi timadzi pang'ono, ambiri amabwerako okhumudwa. Mlatho wachitsulo wolumikiza Zambia ndi Zimbabwe unamangidwa mu 1905, mukapempha kachikalata kwa a imigireshoni amakulolani kuyenda pamlathopo n'kubwerera. Mutawuni ya Livingstone muli nyumba yosungira zakale momwe muli makalata ndi katundu wa David Livingstone. Iyeyu anaona mathithiwa mu Novembala 1855, kenako anatsika ndi mtsinje mpaka anafika ku Tete kuno mu Malichi 1856, ndiye inu mukhala mukuyenda njira yake chobwerera. Viza sifunika kwa ife a Mozambique, ndipo pachipata onetsani pasaporti mufunse mtengo wa anthu a SADC musanalipire.

Chinthu chimodzi, anyani akumeneko saopa munthu. Jumbo yokhala ndi chakudya musaiyendetse m'manja.

ShoferoCassacatiza
Aphunzitsi anena zoona. Njira yake ndi Tete, Matema, kukwera mpaka Cassacatiza, mbali inayo ndi Chanida, kenako Katete, pamenepo mwalowa msewu waukulu wopita ku Lusaka.

KotaZobwe
Iyo ndi njira ya munthu wa mumzinda wa Tete. Mayiwa ali ku Ulongwe, atsikirenji kukatentha konse kuja n'kukweranso? Calomue, Dedza, Lilongwe, Mchinji, kulowa Zambia pa Mwami, Chipata, basi ya ku Lusaka imanyamuka m'bandakucha.

ShoferoCassacatiza
Mafulontera awiri m'malo mwa imodzi, ndi ndalama zitatu zosintha, metikali, kwacha ya Malawi, kwacha ya Zambia. Koma inde, kwa wokwera shapa njira ya Lilongwe magalimoto ndi osasowa, ya kwathu kuno pena umadikira tsiku lonse kuti upeze chokwera. Njira zonse ziwiri zimakadutsa pa mlatho wa Luangwa, pamenepo basi imaima, pali nsomba zouma ndi zowamba zambirimbiri ndi madengu oluka. Gulani nsomba yokazinga yotentha mudyere m'basi. Kuchoka Lusaka kukafika Livingstone ndi makilomita pafupifupi 480, nyamukani m'mawa.

NaBanda_Chifunde
Ine ndilowe pa nkhani ya mimba ya bambo chifukwa ndi yomwe yawabweretsa mayiwa. Mayi NaPhiri, ku Zambia ufa musanyamule, mukadzichititsa manyazi chabe. Anthu aja amadya nsima kuposa ife, ndipo Lusaka yense amayankhula Chinyanja, mufunsa chilichonse mumva. Ufa wawo uli mitundu iwiri, breakfast meal woyera wosalala ndi roller meal wokhala ngati mgaiwa, bambo asankhe okha. Ku Lusaka funsani komwe kuli matebeto, ku Thornpark ndi kodziwika, ndi timalo ta amayi ophika pamakala, ndiwo zonse zili poyera m'mapoto mumangoloza. Ubwino wake ndi umenewu, mwamuna wamantha ndi zakudya amatenga nsima yake ndi nkhuku yachikuda kapena nyama yowotcha, inu pambali mukuitanitsa timbale ta zachilendo, iye amayamba ndi kutomola pang'ono m'mbale yanu.

Zoti mulawe, choyamba chikanda. Amapanga ndi timizu ta maluwa akutchire tosinja, nsinjiro, soda ndi piripiri, amaphika mpaka chilimbe n'kumadula mapisi, ndi chofiirira, ukaluma umaganiza ndi nyama koma mulibe nyama. Kenako ifisashi, masamba otendera koma nsinjiro yake amathira yambiri mpaka msuzi kulemera. Kalembula ndi kholowa wathu yemweyu, chibwabwa ndi nkhwani, impwa ndi timabiringano tating'ono towawira, lumanda ndi wowawasa. Kapenta afunseni ngati ndi wa Siavonga kapena wa Mpulungu, wa Mpulungu amachokera kunyanja ya Tanganyika ndipo kakomedwe kake ndi kosiyana ndi wathu wa Cahora Bassa. Chakumwa ndi munkoyo, abale ake a thobwa koma amathiramo mizu ya mtengo. Amuna anga anali ouma mutu chimodzimodzi, lero tikapita ku Kulamba ku Mkaika mwezi wa Ogasiti chinthu choyamba kufunafuna ndi mayi wogulitsa chikanda. Ku Livingstone pitani kumsika wa Maramba mukadye komwe eni tawuni amadya, malo a alendo pafupi ndi mathithi mbale imodzi ndi ndalama ya tsiku lonse.

AgogoMacanga
Ana inu mukuwaweruza bambowa msanga. Munthu amene wakula akudya chinthu chimodzi mimba yake imazolowera, si matama. Ine ndinapita ku Beira ndi mayi anu kukaona mwana, anatipatsa nkhanu zophika ndi nkhwani wa chinangwa wothira koko, usiku thupi lonse linatuluka zidzolo, milomo kutupa, anandithamangitsira kuchipatala. Ndiye munthu akati ndikuopa, mumvereni. Komanso ife amuna akale timachita manyazi kufunsa pagulu kuti ichi n'chiyani, timaopa kuoneka osadziwa pamaso pa mkazi wathu. Mwina n'zomwe zili mumtima mwa mwamuna wanu, mwana wanga. Mufunseni muli awiri, osati pali ana.

Tsangano_Batata
Agogo, zidzolo za nkhanu tazimva. Koma nanga wotsuka potoyo ku Livingstone akhala ndani?

AgogoMacanga
Pamenepo sinditsutsa. Akafuna kunyamula anyamule, akaphike yekha.

NamwinoMatundo
Zomwe zinawachitikira agogo ndi zenizeni, pali anthu omwe thupi lawo limadana ndi nkhanu, kamarau ndi zina za m'nyanja yamchere, ndipo munthu amene sanadyepo ayambe ndi kachidutswa kakang'ono, akamva kuyabwa pakhosi kapena kubanika apite kuchipatala nthawi yomweyo osadikira kuche. Koma kutsegula m'mimba kumene apaulendo ambiri amadwala sikubwera chifukwa chakuti chakudya ndi chachilendo, kumabwera ndi madzi, manja ndi chakudya chomwe chakhalitsa chitazizira. Ndiye munthu akhoza kunyamula ufa wa ku Angónia n'kudwalabe ngati watsukira mbale madzi oipa.

Idyani chomwe chapsa inu mukuona ndipo chikutuluka nthunzi. Sankhani baraka yomwe pali mzere wa eni dera, makamaka amayi ndi ana, chakudya pamenepo sichigona. Saladi yosaphika ndi madzi oundana othira m'zakumwa zisiyeni, zipatso sendani nokha. Madzi gulani a m'botolo lotseka kapena nyamulani kabotolo ka Certeza, mankhwala ophera tizilombo m'madzi, muzithira. Kusamba m'manja m'beseni limodzi anthu onse ayi, pemphani akuthirireni ndi jagi ndipo sopo akhale wanu m'chikwama. Nthawi ya mvula chenjerani kwambiri chifukwa kolera imavuta dera lathu lonseli, ku Lusaka kumayambiriro a 2024 inafika potsekereza sukulu kutsegulidwa. Tengani mapaketi a mchere wobwezera madzi m'thupi, akasowa sakanizani lita imodzi ya madzi abwino, masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Ofuna kunyanja ya Malawi dziwani kuti ku Cape Maclear kuli likodzo, mukasambira mudzapite kukayezetsa pakapita milungu ingapo. Pogona funsani chipinda chokhala ndi neti. Ngati bambo ali ndi BP kapena shuga mankhwala akhale okwanira ulendo wonse ndipo akhale m'chikwama cham'manja.

NaPhiri_Ulongwe
Zikomo anamwino, izi ndikawawerengera mawu ndi mawu. Agogo, mwandikhudza, za manyazi zija sindinaziganizire. Bambo ndi munthu wosakonda kufunsa ngakhale njira.

MamaKariakoo
Ine ndimayenda Dar es Salaam kukatenga nsalu, koma chaka china ndinati ayi, ulendo uno katundu ayembekeze, ndinatenga amuna anga tikaone Zanzibar. Ndi kutali ndipo ndalama imapita yambiri kuposa Zambia, ndinene poyera, koma ngati nkhani ndi kulawa palibe kofanana nako. Njira ndi Lilongwe, Mzuzu, Karonga, kuwoloka pa Songwe, kukwera mapiri a Tukuyu komwe nthochi amaphika ndi nyama ngati chakudya chenicheni, kenako Mbeya. Mpunga wa ku Kyela ukamaphikidwa fungo limafika kumsewu. Basi yopita ku Dar imadutsa mkati mwa paki ya Mikumi, khalani kuwindo, ife tinaona akadyamsonga ndi mbidzi osalipira kanthu. Nsima kumeneko amati ugali, ndi yolimba kuposa yathu, ilipo paliponse, koma amuna anga anagwa m'chikondi ndi chipsi mayai, batata yokazinga yothira mazira n'kuitembenuza m'chiwaya.

Sitima yapamadzi yochoka ku Dar imatenga maola ngati awiri, ndipo pasaporti ikhale pafupi chifukwa pofika amaionanso. Madzulo dzuwa likamalowa pitani ku Forodhani m'mphepete mwa nyanja, matebulo amayalidwa ndi nyali, pali mishikaki, pweza amene ife timati polivu, madzi a nzimbe ofinya pomwepo othira jinja ndi ndimu, ndi kamkate kokazinga koika nyama ndi dzira mkati komwe amati pizza ya Zanzibar. Koma chomwe ndimachikumbuka ndi urojo, msuzi wachikasu wowawasa wa mango ndi ndimu, muli batata, tizitumbuwa ta nyemba, dzira ndi tokhokhomola pamwamba. Funsani mtengo asanaike pamoto, ndipo nsomba zomwe zayalidwa kuyambira masana zisiyeni, masana idyani pilau ndi wali wa koko kufupi ndi msika wa Darajani komwe eni ake amadya. Ndi dera la Asilamu, chitenje chikhale m'chikwama, mapewa ndi mawondo zibisike mukamayenda mutawuni, ndipo mwezi wa Ramadan musadye mumsewu masana.

Pali malo amodzi omwe tinatulukamo osalankhulana. Tchalitchi cha Anglican cha mu Stone Town chinamangidwa pomwe panali msika wa akapolo umene unatsekedwa mu 1873. Pansi pa nyumba ina pambali pake pali tizipinda tamdima totsika denga, ndipo panja pali ziboliboli za anthu m'dzenje atamangidwa unyolo m'khosi. Ambiri mwa ogulitsidwa pamenepo ankachokera kuno kwathu kumbali ya nyanja, ankawolotsedwa pa Nkhotakota n'kuyenda pansi mpaka Kilwa. Mtunda ngati womwe ife tinadandaula nawo tili pampando wa basi, makolo athu anauyenda ndi mapazi atasenza minyanga. Usiku umenewo amuna anga, omwe salankhula zambiri, anandifotokozera nkhani za agogo awo zomwe sanandiuzepo chikwatiranireni.

ManaChingodzi
Mama, mwandilizitsa. Zimenezi kusukulu anangotiuza mwachidule.

MbuziYaChangara
Ine mundikhululukire, ndayenda Zambia, Zimbabwe, Joni, nyama yoposa mbuzi ya ku Tete sindinaipeze. Mbuzi yodya masawu ndi malambe. Anthu amachoka ku Maputo kudzanyamula m'makoleman, ife tikuthamangira polivu.

ShoferoCassacatiza
Onjezani chikowa, nsomba youma yamchere ija, yowotcha ndi nsima ya mgaiwa, tomato ndi anyezi pambali.

NaBanda_Chifunde
Chikowa ya masiku ano mchere wachuluka, umafunika kuinyika usiku wonse. Ndipo yabwino yonse ikupita ku Congo pamathiraki, ife pamsika wa Kwachena tikugula zotsala.

MgodiMoatize
Apa ndiye mwafika pa mfundo yanga. Ndi angati pano anapita ku Boroma kukaona tchalitchi chakale chija pamwamba pa phiri? Ndi angati anakwera ku Songo kukaona khoma la Cahora Bassa, kapena anafika ku Zumbo komwe Luangwa amakumana ndi Zambezi? Azungu amalipira ndege kudzawedza nsomba ya mcheni m'damu mwathu, ife eni ake tikufuna karimbu m'pasaporti.

Mphunzitsi_Furancungo
Achimwene, zonsezo n'zoona ndipo ku Songo aliyense ayenera kufikako. Koma ine Zambezi wa pakhomo ndinayamba kumuyang'ana bwino nditabwerako ku mathithi. Kale ndinkawoloka mlatho maso ali pafoni.

Admin_Nyungwe
Abale, za mbuzi ndi chikowa tsegulani mutu wake, ndi nkhani yabwino. Pano tithandize mayi NaPhiri.

SekuruCuchamano
Palibe watchula Zimbabwe ndiye nditchule ine. Pa Cuchamano mukawoloka ndi Nyamapanda, kudutsa Mutoko mpaka Harare, kuchoka apo basi ya ku Masvingo. Pafupi ndi Masvingo pali Great Zimbabwe, mzinda wamiyala womwe anthu akuda anamanga zaka mazana ambiri Apwitikizi asanafike ku Sofala, makoma ena kutalika mamita 11, miyala yosanjikiza popanda dothi kapena simenti. Mbalame ija ili pa mbendera yawo inapezeka pamenepo, yosemedwa pamwala. Ife a ku Tete mbiri imeneyi ndi yathunso chifukwa ufumu wa Mwene Mutapa umene unadza pambuyo pake unafika mpaka kuno kumwera kwa Zambezi. Kukwera paphiri pamafunika mawondo, ine ndi mayi tinkapuma pamwala uliwonse, koma pamwamba mumaona chigwa chonse.

Kudya ndi sadza, nsima yomweyo. Lawani muriwo une dovi, masamba othira chiponde, ndi mpunga wothira chiponde womwe poyamba mayi anaukana kenako anapempha wina. Madora ndi mphalabungu zikuluzikulu za mumtengo wa tsanya, zokazinga ndi zokoma kwambiri. Mazondo ndi mapazi a ng'ombe ophika mpaka kufewa. Ndalama nyamulani madola a America ang'onoang'ono osang'ambika, chenji chimavuta, mukapereka pepala lalikulu mudzakakamizika kugula zomwe simunafune.

MwanaWaTete_Lisboa
Ine ndili kuno ku Portugal, sindikuti mubwere chifukwa viza ndi tikiti ndi nkhani ina. Ndingoti makolo anga atabwera kudzandiona bambo ananyamula ufa m'sutikesi, mayi anathera masiku oyamba kukhitchini pamene ife tikupita ku Belém kukaona nsanja ndi kudya mapastel aja akhala akuphikidwa kumeneko kuyambira 1837. Nditaona choncho ndinabisa ufawo. Bambo anakwiya tsiku limodzi, kenako anapeza sardinha zowotcha pamakala ndi supu ya kabichi, nkhani inathera pomwepo. Chomwe chimandiwawa ndi masiku omwe mayi anataya.

AgogoMacanga
Kubisira bambo ako chakudya si ulemu, mwana iwe. Ukanakhala nawo pansi.

MwanaWaTete_Lisboa
Ndinayesa agogo, sanamve. Koma ndalandira.

ManaChingodzi
Langizo langa la awiri oyenda limodzi. Ndalama musasunge munthu mmodzi, gawani pawiri, wina akaberedwa kapena mukasochererana pa siteshoni aliyense ali ndi pogwira. Mkazi akhale ndi yake yoti akafuna chitenje kapena kachakudya asachite kupempha. Ndipo muzisinthana, lero wosankha kodyera ndi kopita ndi mayi, mawa ndi bambo, wina asadandaule pa tsiku la mnzake. Ife tinkaitanitsa mbale ziwiri zosiyana n'kuika pakati. Kwathu timadya amuna paokha akazi paokha ndi ana, ndiye kudya mbale imodzi ndi mwamuna wanga anthu akuona chinali chinthu chatsopano kwa ine kuposa chakudyacho.

ShoferoCassacatiza
Ndiwonjezere za ufa, pafulontera a alufandega ndi a zaulimi akaona thumba la ufa ndi nyemba akhoza kukuimitsani ndi mafunso, basi n'kukusiyani. Komanso mapensau ambiri salola kuyatsa mbaula m'chipinda. Ndalama sinthani pang'ono pokha kwa anyamata apamalire, muwerenge nokha m'manja mwanu musanapereke zanu, zambiri mukasinthe kubanki kapena ku kambiyu mutawuni.

NaPhiri_Ulongwe
Abale ndabweranso. Usiku ana atagona ndinawapatsa foni awerenge okha zonse. Anakhala chete nthawi yaitali pa zomwe analemba agogo ndi za mwana wa ku Lisboa uja. Kenako anandiuza zomwe sindimadziwa, kuti ali mnyamata anapita kukagwira ganyu m'minda ya fodya kutsidya, anadwala m'mimba sabata yathunthu ali yekha popanda womupatsa ngakhale madzi, ndipo kuyambira pamenepo chakudya cha kwa eni amachiopa. Zaka zonsezi ine ndimangoti ndi kuuma mutu. Tagwirizana Zambia, kudzera Lilongwe ndi Chipata, mwezi wa Epulo madzi ali ambiri komanso ntchito yakumunda itapepuka. Iwo akuti nsima kamodzi patsiku ndi lamulo, kwinako ndisankhe ine, ndipo chikanda alawa koma mphalabungu ndisawakakamize. Zanzibar tayika pa shitiki yotsatira. A NaBanda, kodi matebeto aja amatsegula Lamlungu? Nanga aphunzitsi, kumathithi tivale chiyani?

NaBanda_Chifunde
Konzani kuti mudutse Lusaka pakati pa sabata, nthawi ya nkhomaliro, ndi pomwe mapoto onse amakhala odzaza chifukwa anthu amaofesi amadyera komweko. Mukafika mochedwa mupeza ndiwo zabwino zatha. Ndipo pa siteshoni ya mabasi ya Intercity anyamata okokera anthu m'mabasi ndi aukali, chikwama musapatse munthu, pitani nokha pawindo la kampani mukagule bilyeti ya tsiku lotsatira.

MgodiMoatize
Poti mwatsimikiza, pitani bwino. Malo ogona funsani mtengo wa chipinda osati wa munthu mmodzi, ena amawerengera pamutu.

Mphunzitsi_Furancungo
Mu Epulo munyowa ndithu, ambulera sathandiza chifukwa madzi amachokera pansi ndi m'mbali. Pachipata amabwereketsa majasi apulasitiki, koma valani zovala zouma msanga ndi nsapato zogwira pansi, osati masilipasi oterera, ndipo zovala zina zikhale m'jumbo. Mapasaporti ndi mafoni mangani m'pulasitiki kawiri. Lowani m'mawa dzuwa lili kumbuyo kwanu kuti muone utawaleza. Njira yotsikira ku Boiling Pot, dziwe la kumunsi kwa mathithi komwe madzi amazungulira, ndi yotsetsereka ndipo pobwerera ndi chikweza chokhachokha, ngati mawondo a bambo amavuta ingoisiyani. Onaninso kalendala, Pasaka akagwa mu Epulo mabasi ndi malo ogona zimadzaza msanga, ndiye imbani foni musungitse chipinda musananyamuke ku Ulongwe.